Zithunzi Zoyang'ana Kukhoma

Chiswe chinadya chithunzi chokhacho cha atate ake a Luyando pamene Luyandoyo anali ku yunivesite. Chinalowa m'sutikesi ya pansi pa bedi n'kumaliza makalata, chitupa cha ubatizo ndi nkhope ya atate akewo, a Greenwell, koma kabuku ka malangizo a feteleza chinakasiya bwinobwino. A Greenwell anamwalira Luyando ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Tsopano banja linali litakonza zovundukula mwala wa pamanda awo kumapeto kwa mwezi, ndipo Luyando akatseka maso ankangoona njinga, chipewa ndi msana. Nkhope panalibe.

Anthu anamuuza za a Cyprian, mkulu wolemba zikwangwani za magolosale kufupi ndi Chalimbana, amene ankajambulanso akufa omwe sanasiye chithunzi. Mayi ake, a Virginia, anakana kumuperekeza. Anati akufa azisiyidwa ndi nkhope zawo.

Luyando anapeza a Cyprian akutsuka maburashi m'chitini cha parafini. M'chipindamo munali zithunzi zambiri, koma za mbali imodzi zonse zinali zoyang'ana kukhoma, ngati ana olangidwa m'kalasi.

"Nifuna nkhope ya batate," anatero Luyando. "Koma chithunzi kulibe."

"Anasiya mwana?"

"Ni ine."

"Ndiye chithunzi chilipo. Khala apa, uyang'ane ku windo."

A Cyprian anapempha kuona mayi ake, ndipo Luyando anawaonetsa pa foni. Anayang'ana foniyo, n'kuyang'ana iye, nthawi yaitali.

"Mwana ni munda wa anthu awiri," anatero. "Nikachotsapo za amai ako, zotsala ni za atate."

Luyando anali ndi digiri ya sayansi, ndipo ankadziwa kuti magazi sagawika ngati nyemba ndi mankhusu. Anasunga digiri yakeyo m'kamwa n'kukhala pa mpando.

Tsiku lachiwiri khosi litauma, anawafunsa chimene amajambulira akufa pamene zikwangwani sizivuta.

"Sinisankha ine, mwanangu. Nikakwera basi niona munthu, ndiye niona wina kuseri kwa khungu lake, ayembekeza chabe. Nikapanda kumuika pa bolodi ayenda na ine. Nikudya ali pamenepo, ku chalichi ali pamenepo. Nikamujambula anisiya."

Anayankha osachotsa maso pa nsidze zake. Luyando anaona kuti sakuyang'ana iye kwenikweni, akuyang'ana penapake mkati pang'ono.

Tsiku lachitatu anatembenuza bolodi. Panali mwamuna wachinyamata wa chipumi chachikulu, milomo yake itatseguka pang'ono ngati wadulidwa mawu. Maso anali a Luyando enieni. Chipsera chinadula nsidze ya kumanzere.

"Ba Cyprian, chipsera munthu sapatsira mwana."

"Chinalipo," anatero iwo, akupukuta zala.

Anachikulunga m'chitenje n'kupita nacho kwawo ku Nkomeshya. Anapeza mayi ake pa khonde akusenda mtedza ndi a Kasuba, mlongo wake wa malemuyo. Anachiimika pa mpando n'kuchotsa chitenje.

A Kasuba anachiyang'ana, n'kuseka. "Iwe na masukulu ako onse wanamizidwa na mudala wa penti. Greenwell anali na nkhope yaitali monga yanga. Uyu ni wa kuti?"

A Virginia sanaseke. Lichero linapendekeka pa miyendo yawo, mtedza n'kuyamba kugwera pansi umodziumodzi, nkhuku n'kubwera, iwo osaziingitsa. Anadikira mpaka a Kasuba atapita kukatunga madzi.

"Chipsera ico anagwa pa ngolo," anatero motsitsa mawu.

"Ndani, amai?"

"Alick. Wa ku Bundabunda. Anamira mu mtsinje wa Chongwe, iwe uli na miyezi iwiri m'mimba. Greenwell anali kudziwa. Ananikwatira chimodzimodzi, ndipo sanakambepo mpaka kufa."

Luyando anawerenga zaka mumtima. A Cyprian anabwera kuderali kuchokera ku Chipata zaka khumi zokha zapitazo, Alick atamwalira kalekale. Alick sanajambulitsepo, anatero mayi ake, ngakhale kamodzi.

"Chiphimbe," anatero a Virginia. "Aniyang'ana."

M'mawa mwake anabwerera nacho ku Chalimbana. A Cyprian anachilandira, n'kukachiimika pa mzere uja, nkhope kukhoma.

"Zonse izo zinabwezedwa?" anafunsa Luyando.

"Zonse. Anthu aitana wina, abwera wina."

"Ine nifuna amene anali kuninyamula pa njinga."

"Uyo mulibe mu nkhope yako." Anamuyang'anitsitsa. "Yenda ufike pa chitseko. Usacheuke."

Luyando anayenda. Anamubweza, anayendanso, kanayi konse.

"Phewa lako la kumanzere lili pansi. Uyenda monga munthu okankha njinga yolemera pa chitunda. Amai ako ayenda conco?"

"Iyayi."

"Ndiye ni wake. Unali kumulondola kumbuyo, unatenga zimene unali kuona."

Anajambula masiku awiri, Luyando ataima chowafulatira. Pa bolodi panatuluka mwamuna wa chipewa, akukankha njinga m'kanjira ka pakati pa chimanga, phewa limodzi lili pansi. Ankaoneka msana wokha. Luyando anauyang'ana msanawo mpaka maso anachita chifunga.

Potuluka analoza ku khoma. "Alick uja simungamuoche?"

"Kuocha bolodi? Wafika kale. Ine anisiya." Anatsekula chitini cha parafini. "Manje adziwa kwanu."

Tsiku lovundukula mwala dzuwa linawala kwambiri. Akatekisiti atatha pemphero, Luyando anachotsa chitenje n'kuimika chithunzi patsinde pa mwalawo. Anthu anang'ung'udza, ena akufunsana ngati penti inathera panjira. Koma a Kasuba anagwada, n'kugwira phewa lija ndi zala ziwiri.

"Greenwell," anatero. "Ukali kukankha njinga yako yakufa ija."

Luyando anatembenuka kuti aone mayi ake. A Virginia sankayang'ana chithunzi. Ankayang'ana pambali pa Luyando, pamwamba pang'ono pa phewa lake la kumanja, pomwe panalibe munthu. Kenaka anasendera pang'ono, ngati mmene munthu amachitira pa benchi ya m'tchalitchi wina akabwera mochedwa.