Mpweya wa Ahedi

Chikwatirane, mayi anali asanamvepo amuna awo akuphwisa. Aliyense ankawatchulabe kuti Ahedi ngakhale anapuma kalekale pa uphunzitsi, ndipo anali munthu wovala taye ngakhale pothirira maluwa.

Ndiye khansa inawagwira m'thumbo lalikulu, n'kufalikira ku kachiwalo kokhala ngati kachipewa pamwamba pa impso. Dokotala anadula mbali yodwalayo, kulumikiza thumbo, n'kuchotsanso kachipewako. Opaleshoni inayenda bwino, koma panatsala chinthu chimodzi.

"Matumbo akadali m'tulo," anatero namwino akusintha diripi. "Akadzuka tidziwira mpweya. Mukaphwisa mundiuze, bambo. Ukapanda kutuluka, mimba n'kumatupa, mwina mubwereranso ku fiyeta."

"Mwanawe," anatero Ahedi, "alipotu mawu ena aulemu."

"Mawuwo sungani, ine ndikufuna mpweyawo."

Mayi anaseka, koma mumtima munali mantha okhaokha. Thupi lowonda chonchija silikanapirira mpeni kachiwiri. Ankawayendetsa amuna awo m'khonde la wodi, dzanja lina atawagwira pamkono, lina likukoka chitsulo cha diripi, khutu lili tcheru. Koma kunali zii.

Masana ena kunabwera mwana wawo wamkazi ndi mkamwini. Ahedi anakhala tsonga n'kuyamba kumufunsa mkamwiniyo za kuntchito. Mwadzidzidzi Ahedi anadukiza. Nkhope inauma, thukuta lili kamukamu, manja atagwiritsitsa zitsulo za bedi. Mayi ankaidziwa bwino nkhope imeneyi, ankaiona m'tchalitchi ulaliki ukatalika.

"Bambo, mukuubweza mpweyawo!"

"Pali alendo, mayi."

"Alendo ati? Ine ndakusambitsani, ndakupemphererani mpaka maondo kupweteka, ndiye mundisiye wamasiye chifukwa cha ulemu? Tulutsani!"

Mkamwini anadzuka kuti athawe, koma anachedwa. Unatuluka, wautali, wolira ngati chitseko chadzimbiri. Wodwala wa pabedi loyandikana anawomba m'manja, ndipo namwino anasuzumira pakhomo.

"Ndi athu amenewo?"

"Ndi athu!" anatero mayi, akuseka, misozi ili chuchuchu.

Ahedi anakweza dzanja kuti akonze taye, n'kupeza kuti sanavale. Anatsokomola.

"Nkhani imeneyi ithere m'chipinda muno."

Mayi anawagwira dzanja lija n'kuliika pachifuwa pawo.

"Ithera muno, bambo. Koma bwerezaninso kaye, ndimvetsetse."