Bulangete pa Eriyo Yanga

Singano ya pa mita ya wailesi yanga yolankhulirana inalumphira kofiira ndisanamalize n'komwe kuitana mnzanga. Ndinazimitsa wailesi msanga kuopa kuiwotcha, n'kutuluka m'kachipinda kanga chifuwa chili pamtunda. Panja ndinapeza zomwe mtima unali utandiuza kale: bulangete lonyowa, zitenje ndi siketi ya kutchalitchi, zonse zili lende pa eriyo yanga.

"Bana Karen! Uwu ni waya woyanikapo zovala?"

Georgina, mkazi wanga, mayi wa mwana wathu Karen, sanacheuke. Ankafinya malaya anga a pa Sande m'beseni.

"Waya ni waya, bashi Karen. Wanga munadula imwe, ati usokoneza wailesi. Manje niziyanika pamutu panu?"

N'zoona, ndinaudula. Koma mwamuna sagonja m'mawa chotero, anansi athu a m'komboni ya Chamboli akumvetsera kuseri kwa mpanda. Ndinayamba kumufotokozera kuti nsalu yonyowa imabweza mphamvu yonse m'wailesi. Iye anandiyankha kuti bulangete nalonso limafuna dzuwa.

Ndinagwira ntchito mumgodi mpaka imvi, pansi pa shafti, ndikuliza belu la kheji yokweza ndi kutsitsa anthu. Pamwamba, woyendetsa injini yokoka khejiyo anali Cyril. Pa shifiti sitinkaonana, tinkangolankhulana ndi mabelu. Ndikaliza katatu, ndiye kuti anthu akufuna kukwera. Iye akayankha katatu, ndiye kuti alowe, zonse zili bwino. Titapuma pantchito makutu athu anasowa chochita, ndipo Cyril ndiye anandikokera ku zamawailesi. Tinalemba mayeso, tinatenga malayisensi, aliyense n'kumanga kasiteshoni kake, ine kuno ku Kitwe, iye ku komboni ya Pamodzi ku Ndola. Tinkakonda njira ya Mosi, yotumiza mawu pogogoda kiyi, ti-ti-taa. Ndachezapo ndi munthu wa ku Brazil ndi wina wa ku Japan, koma wokoma kukangana naye anali Cyril, yemwe m'mawa uliwonse ankandiuza kuti ndimagogoda ngati nkhuku ikutola chimanga.

Kenaka sitiroko inamugwira, n'kumulanda mawu ndi dzanja lamanja. Atatuluka m'chipatala anadzitsekera m'chipinda. Ndinakwera minibasi ya ku Ndola ndi mkoko wa nthochi kukamuona, koma ndinabwerera pakhonde.

"Safuna kuona munthu, olo abambo a ku parishi," anatero Janeth, mkazi wake, akunong'ona. "Amvela nsoni na mamene kamwa yakhalila. Akamva mulendo atembenukila ku chipupa."

Zinandipweteka kwambiri, sindibisa. Ndinangopempha Janeth kuti m'mawa uliwonse, asanapite kumsika, aziyatsa wailesi ndi kuika kiyi pafupi ndi dzanja lamanzere la mwamuna wake. Ndinamuitana pa wailesi nyengo yonse yozizira, mpaka mango anachita maluwa. Ku Ndola kunali zii. Ndinkaopa kuti mnzangayo adzapita osandinyozanso.

M'mawa wa bulangetewo, Georgina atatopa ndi mlandu anandiyang'ana kumaso, n'kupukuta manja pachitenje. Sananene kuti pepani, mayi ameneyu mawuwo sawadziwa. Anangopita kukakoka bulangete lija. Koma kulemera kwake kunali kutadya kale chingwe chomangira eriyo pa mtengo wa mango, ndipo waya wonse unagwa pansi, phii, pakati pa masamba a chibwabwa.

Ndinayang'ana kunthambi, ndinayang'ana mawondo anga. Makwerero anali atabwerekedwa ndi Spencer wa pa nyumba yachitatu chaka chatha, ndipo Spencer akabwereka chinthu, chimakalamba kwake. Dzuwa linali likukwera, Janeth anali pafupi kuzimitsa wailesi ya Cyril.

"Basi, lelo yalephereka," ndinatero.

"Yalephereka chani?" Georgina anatola nsungwi yaitali yomwe kale ankachirikizira waya wake, n'kukola eriyo pamphanda, n'kuikweza m'mwamba ndi manja onse awiri. "Yendani mukaitane munzanu. Koma ikanishoka, mukafotokoze mweka kwa abale anga ku Katete."

Ndinathamanga ngati mnyamata kukayatsa wailesi. Singano inakhala pabwino. Ndinagogoda nambala ya siteshoni ya Cyril ndi yanga, n'kudikira. M'mahedifoni munkangomveka kufwafwaza ngati mvula ya patali. Ndinamuuza za bulangete, ndinamutcha waulesi, ndinamukumbutsa kuti nkhuku yake ija ikadali moyo. Palibe.

"Manja yalema, imwe!" anakuwa Georgina panja.

Apo m'pamene ndinaganiza kuti mwina ndakhala ndikumupempha zambiri. Dzanja lamanzere la munthu wodwala lingalembe chiganizo? Ndinasiya zilembo zonse. Ndinagogoda monga ndinkachitira pansi pa shafti anthu atandiunjikira kumbuyo ndi nyali zawo: kamodzi, kawiri, katatu. Ndinachotsa dzanja pa kiyi.

Kenaka, kuseri kwa kufwafwaza kuja, kunamveka kulira kofooka, kotalika mopitirira, ngati chala chakanirira pa kiyi. Kunabwera kwachiwiri, kwakufupi. Kwachitatu kunachedwa mpaka ndinaimirira pampando, koma kunafika.

Ndinakuwa mpaka galu wa Spencer anayamba kuuwa. Georgina anazika nsungwi pakati pa njerwa n'kulowa, thovu la sopo likadali m'zigongono.

"Akamba chani?"

"Akuti tilowe."

Ndisanapukute m'maso, foni inalira. Anali Janeth, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Ba Zacharia, mwamuchita chani munzanu? Aloza mupando wa alendo, afuna niupukute. Aloza na lezala!"

Georgina anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Manje ku Ndola muzayenda so, chifuwa pamtunda monga wa nkhonya? Shati yanu ikali mu beseni."

Ndinatuluka. Ndinavuula malaya aja, ndinawafinya, ndinawakung'untha. Anansi awiri anali atasuzumira pampanda, ndipo anaona ndi maso awo ndikutsitsa nsungwi pang'ono, ndikuyanika malayawo pa eriyo yanga, pakati penipeni pomwe dzuwa linkaomba, ndikuwapana bwinobwino ndi mapegi a Georgina.