Bokosi la Ndowa Ziwiri za Mpweya

Chaka cha 1996, a Greenwell anali atatopa ndi mabokosi a maliro. Ukalipentala anaphunzira kuti azikhoma mipando ndi makabati, koma ku Biwi zaka zimenezo ofuna bokosi ankachuluka kuposa ofuna mpando. Anakhomera anzawo a kusukulu, anakhomera mlamu wawo, anakhomeranso amene anawagulitsa sowo. Munthu akadwala, iwo sankayerekeza kukazonda, poti abale ankanong'onezana kuti abwera kudzayeza ndi maso. Zimenezi zinkawapweteka mtima zedi. Chimene ankafuna chinali chimodzi: ntchito ya matabwa imene mwini wake angabwere kudzatenga yekha, akuyenda ndi miyendo yake.

Ndiye Lachiwiri lina kunatulukira Kizito, dalaivala wa minibasi ya ku Area 23, atakumbatira chisipika chachikulu ngati beseni. Pambuyo pake panali Lucious, wokonza mawailesi kumsika, munthu woyankhula mosathamanga ngati akuwerenga kalata ya boma.

"Madala, sipika iyi ikufuna bokosi," anatero Kizito. "Kudepoti masiku ano minibasi yopanda besi, kugunda kuja kwa nyimbo, imawotha dzuwa pamzere. Likatuluka bwino, madalaivala a ku Kawale, Chinsapo ndi Area 25 adzakhamukira konkuno. Za maliro mudzaziiwala."

Mawu otsirizawo anawalowa a Greenwell mpaka m'mafupa. Anatenga pensulo kukhutu.

Lucious anayamba kuwaphunzitsa. Sipika ikakhala pamtetete, anatero, imangopupa chabe: kutsogolo ikukankha mpweya, kumbuyo ikukoka, ndipo ziwirizi zimadyana mpaka besi kutheratu. Bokosi ndi lolekanitsa ndewuyo. Thabwa likhale lochindikala, polumikiza paliponse pakhale guluu, pasapezeke kampata ngakhale kolowa nyerere.

"Zotseka musandiphunzitse," anatero a Greenwell. "Palibe anabwerako kudzadandaula."

"Mkati mukhale mpweya wokwana malita makumi anayi. Osapitirira, osaperewera."

"Mpweya mumayeza ndi chiyani, achimwene?"

Lucious anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza ndowa ya mayi a panyumbapo. "Mukakhoma, muthiremo chimanga. Chikalowa ndowa ziwiri, basi. Kenako muboole bowo, mulowetsemo paipi ya madzi."

Apa a Greenwell anabweza pensulo kukhutu. Zaka khumi akukhoma mabokosi, sanaboolepo ngakhale limodzi, ndipo bokosi la bowo kwa iwo linali chipongwe. Lucious sanakangane nawo. Anatola botolo la Fanta lopanda kanthu n'kuuzira pamlomo pake, likulira mawu aakulu. Anathiramo madzi theka, n'kuuziranso, mawu anachepa.

"Bokosi ndi botolo, paipi ndi khosi lake. Paipi ikatalika mawu amazama, ikafupika amakwera. Tikapeza pakati, minibasi iyi izimveka isanafike."

Malo oikapo bokosilo anali kunsi kwa mpando wa kumbuyo, malo aatali koma opanikizika, ndipo mbali imodzi inadyedwa ndi chitunda cha tayala. Ndiye bokosi linayenera kukhala lalitali pang'ono, lotambalala uku, lowonda uko. A Greenwell sanavutike n'komwe. Manja anangoyenda okha, mwakuti tepi anaigwira kamodzi kokha, mwa mwambo. Anapala makona mpaka see, anapaka vanishi wofiirira katatu, ndipo poganiza kuti chinthu cholemera chotere chimafuna pogwira, anakhomera zogwirira ziwiri zasiliva mbali iyi ndi mbali iyo. Zinalipo zambiri m'katoni, nanga akanakagula zina za chiyani?

Atathira chimanga, chinalowa ndowa ziwiri ndendende. Anaima n'kuliyang'ana bokosilo kwa kanthawi. Muyeso umenewo ankaudziwa bwino, unali wa khanda la miyezi isanu ndi umodzi. Anakhuthula chimangacho, osauza munthu.

Lachisanu m'mawa anayamba kuchuna mawu a bokosilo. Kizito anaimika minibasi pakhomo, Lucious analumikiza mawaya, n'kuponya kaseti ya kwasakwasa. Paipi yoyamba inali yaitali kwambiri. Mawu ankamveka akuya koma ofooka, ngati munthu akubuula m'chitsime. Lucious anaika chikhatho pabowo n'kunena kuti adule zala ziwiri. Anadula. Adulenso chala chimodzi. Anadula. Kenako Kizito, ndi phuma la madalaivala, analanda sowo n'kudula chikhatho chathunthu, ndipo bokosi linayamba kulira mawu amodzimodzi ngati mgolo wopanda madzi, sipika n'kumadumpha ngati ituluke.

"Wapha paipi," anatero Lucious. "Kagule ina."

Yachiwiri nayo anaidula mopitirira. Paipi yachitatu ndi imene inagwira. Gitala wa besi atalowa, magalasi a minibasi ananjenjemera, utuchi unavina pansi, ndipo a Greenwell anamva mawuwo m'mimba asanawamve m'makutu. Mawu aliwonse ankamveka paokha, oyera, olemera. A Greenwell anaseka mpaka kugwira mawondo. Aneba anasuzumira pampanda, poti kuseka kuchokera pakhomo limenelo sanakuzolowere.

"Madala, mwalemera," anatero Kizito ponyamuka.

Loweruka ndi Lolemba a Greenwell anasesa pakhomo kawiri, mabokosi a maliro onse n'kuwakankhira kuseri. Anayamba n'kulemba chikwangwani chatsopano, cha mawu akuti AKATSWIRI A MABOKOSI A MASIPIKA, koma penti inathera pa MABOKOSI A. Anadikira madalaivala.

Lachiwiri kunabwera dalaivala mmodzi, Kizito yemweyo, minibasi ili zii. Anatsegula chitseko cha kumbuyo osapereka moni.

"Silikulira?" anafunsa a Greenwell.

"Likulira kuposa onse kudepoti. Vuto si limenelo."

Anafotokoza ali chiimire. Loweruka m'mawa minibasi inadzaza msanga kuposa kale lonse. Mayi wina wogulitsa tomato anawerama kuti alowetse dengu kunsi kwa mpando, n'kuona vanishi ndi zogwirira zasiliva. Sanafunse kanthu. Anangokhala pansi n'kuyamba kulira maliro. Anati bokosi lotero iye analiperekezapo kumanda mwezi wa Malichi, la mwana wake wamkazi, ndipo analigula ku Biwi. Anthu anatsika onse, ena kudzera pawindo.

"Kondakitala anayesa kuwaonetsa sipika ndi bowo," anatero Kizito. "Gogo wina anati bowolo ndi loti mwanayo azipuma. Pano oyitanira akuitcha ya kumanda. Dzulo ndanyamula anthu anayi, awiri anali oledzera."

"Tichotse zogwirira. Tilikute ndi kapeti."

"Dzina lamamatira kale, madala."

"Nanga anzako aja?"

Kizito anakanda kumutu. Anzakewo anali atapita kwa kalipentala wina ku Kawale, wokhoma mabokosi a makona anayi, otayikira mpweya paliponse, olira ngati chitini. Onse ankavomereza kuti besi yake ndi yonyansa, koma anthu ankakwera.

A Greenwell anamva chisoni chachikulu, cha mayi wa tomato uja ndi chawo chomwe. Ankamukumbukira bwino mayiyo. Tsiku logula bokosilo anabwera ndi achimwene ake mvula ikugwa, ndipo sanapemphe kutsitsa mtengo.

Kizito anatulutsa sikuludalaiva kuti amasule sipika yake.

"Taima kaye," anatero a Greenwell. "Iyimbe kamodzi."

Kaseti inalowa, besi inagunda, utuchi unavinanso. Lucious akanakhalapo sakanapeza podula. A Greenwell anaika chikhatho pabowo, mpweya ukuwamenya pang'onopang'ono, ndipo anadziwa kuti pa moyo wawo wonse sanakhomepo chinthu cholongosoka chotere.

Nyimbo ili mkati, pageti panaima bambo wina wovala jekete, maso ofiira, m'manja muli bango lalitali limene anayezera mtembo. Sanaodire, anangodikira kuti phokoso lithe. A Greenwell anakodola Kizito kuti azimitse. Anapukuta manja pa ovololo, analandira bangolo ndi manja awiri, n'kufunsa ngati akufuna la vanishi kapena lokuta ndi nsalu.