Manja a Chiboliboli

Chiboliboli cha bwanamkubwa chimene chinali pamphambano ya kumsika ndinkadana nacho ngati wina aliyense. Ngakhale nkhunda zinkadziwa choyenera kuchita pamutu pake. Koma manja ake anali a mwamuna wanga.

Ali mnyamata, malemu bambo a mwana wanga ankanyamula mchenga kwa wosula ziboliboli. Wosulayo anapatsidwa chithunzi cha nkhope yokha, ndiye atafika pa manja anangoitana wantchito wake n'kumumata pulasitala mpaka m'zigongono. Ngakhale kachala kakumanzere kamene kanapindika katapanidwa ndi chitseko kanalowa mumkuwa momwemo. Bambowo ankachita nazo manyazi, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu. Chithunzi chawo chimodzi chomwe tinali nacho chinaonongeka denga litadontha. Choncho kwa zaka khumi ndi ziwiri ndinkazungulira njira popita kumsika, kuti ndikangoona kachala kaja. Ndinkawasowa koopsa.

Ndiye taonani mwana wanga yemwe, mphunzitsi, ndi amene anatsogolera zoti chibolibolicho chichotsedwe. Muholo ya khonsolo munadzaza. Kalaliki wina wopuma ntchito anati mbiri safufuta ngati choko pabolodi. Mwana wanga anayankha kuti bwanamkubwayo anatentha nyumba za anthu, ndipo ana asukulu sayenera kudutsa pansi pa nsapato zake m'mawa uliwonse. Ananena zoona zokhazokha, ndipo ndinamunyadira uku mtima ukuwawa. Ndinakweza mkono, koma wapampando atandiloza ndinangoti ndimafuna kufunsa ngati angatsegule mawindo.

Tikutsuka mbale kunyumba lumbiro lija linandilemera, ndinamuuza zonse. Anandiyang'ana, madzi akudontha m'manja.

"Amayi, bwanji simunanene kale?"

"Ukanasiya?"

"Ayi."

"N'chifukwa chake, mwana wanga."

Tsiku lochichotsa kunabwera lole ndi kireni yonyamulira zolemera. Anthu ena ankaomba m'manja, ena ankatukwana, ine ndinangoima pafupi ndi wogulitsa maambulera. Anachimanga zingwe m'khwapa n'kuchigoneka chagada palole, pa matayala akale. Apo m'pamene ndinaona mwana wanga akunong'oneza dalaivala wa lole. Dalaivalayo anandiyang'ana, anazimitsa injini, n'kunena kuti akukamwa kaye madzi.

"Bwerani, amayi. Pondani apa."

Zaka zonsezo chinali pamwamba pa mwala wotalika kuposa anthu awiri, ndipo ndinali ndisanachikhudzepo. Ndinakwera movutika, mawondo akudandaula. Nkhope ija sindinaiyang'ane n'komwe. Ndinalowetsa zala zanga m'dzanja lakumanzere, ndipo kachala kopindika kaja kanakhala pomwe kankakhala kale tikamayenda. Dzuwa linali litaliomba kuyambira m'mawa, moti dzanjalo linali lofunda.

Dalaivala anabwerako, anaima poteropo. Mwana wanga anaika dzanja lake pamwamba pa langa.

"Tiyeni tizitsika, amayi."

Ndinamupempha kuti adikire pang'ono, dzanja la bambo ake lisanazizire.