Wotiimira ku Halale

Dzinalo ndinayamba kudana nalo mwini wake ndisanamuone. Modesta. Amuna anga a Tobias anabwera nalo kuchokera ku Halale pamodzi ndi injini ya chigayo, ndipo zinthu ziwirizi zinkandilirira m'makutu mofanana. Ndikaonjeza mchere m'ndiwo, ati Modesta ankayamba walawa. Ndikaika chigamba pa ovolosi, ati Modesta akasoka sungaloze pomwe panang'ambika. Ine Dailesi wa ku Chileka, amene ndinawabalira Chisoni, ndinkangomeza mate.

A Tobias ankati ndi mlongo chabe. Ku Halale, kumene Azungu amati Salisbury, ankagwira ntchito m'galaja, ndipo ankagona kwa bambo wina wa ku Mdeka amene anatchona kalekale. Modesta anali mwana wa bamboyo, wobadwira komweko, telala wa madiresi, wolankhula Chizungu ngati akumwa madzi. Koma mlongo wanji wolukira munthu juzi yokwana ndendende m'mapewa? Mapewawo anawayeza ndi chiyani? Ndikafunsa choncho a Tobias ankaseka, nkumati nsanje idzandiumitsa ndili moyo.

Chigayo tinachimanga ku Lirangwe, kufupi ndi sitesheni, m'zaka zija za Chitaganya. Chinali chokhacho m'dera lonse, moti amayi ankachokera kutali atasenza madengu. Koma chaka chisanathe mutu wa injini unang'aluka, madzi nkumachucha, chigayo zii. Pangano limene anasainirana ndi kampani yogulitsa linkati ikawonongeka chaka chisanathe adzatipatsa ina, choncho tinaikweza sitima kubwerera kwawo. Yankho linabwera louma. Ati mwaipha nokha poiyendetsa yopanda madzi, yatsopano simuiona.

Tinapalasa njinga kupita ku Chileka kwa achimwene anga a Isaki, amene ankayeza katundu pa bwalo la ndege ndipo Chizungu cha m'mapepala ankachitha. Anawerenga panganolo mpaka kumunsi, kenaka anavula magalasi. Anati pali ndime ina yovuta. Imati mukasemphana ndi kampani, nkhani isapite kukhoti lililonse, koma kwa mkhalapakati amene amalonda a ku Halale adzasankhe, ndipo akaimvere ku Halale komweko.

Ndinatembenuka kuti ndione amuna anga akudabwa. Ayi ndithu, ankangochotsa chisoso pa buluku.

"Ndimeyo ndikuidziwa, alamu. Anandiwerengera ndisanasaine."

"Anakuwerengerani ndani, abambo a Chisoni?"

Anapitiriza kuchotsa chisoso chawo, koma ine ndinadziwa kuti ndi Modesta. Ndiye kuti mkazi uja anakhala nawo phewa ndi phewa, chala pa pepala, nkuwawerengera mawu oti tsiku lina adzabwererenso kwa iye, iwo nkusaina akumwetulira. Ine ndinkadziwa amuna a kwathu akapita ku Halale. Amachoka akuti mwezi umodzi, ukadzawaonanso ali ndi imvi ndi chifuwa. Nanga awa, oti kumeneko kuli wowalukira majuzi?

Ndinati mlandu uzengedwa konkuno. A Isaki anandichenjeza kuti ndikungotaya nthawi, pakuti munthu ukasaina wadzimanga wekha. Ndinawauza kuti ayeze masutikesi awo, za banja langa andisiyire. Ndinakakamira, ndinalira, ndinasiya kuyankhula, mpaka a Tobias anakasuma kukhoti ku Blantyre.

Tsiku la mlandu ndinavala chilundu changa chabwino. Ndinkayembekeza kuti afunsa za madzi, ndipo ndinali wokonzeka, poti madziwo ndinkatunga ndine ndi mutu wangawu. Koma loya wa kampani, Mzungu wa khosi lofiira, za injini sanatchule nkomwe. Anangoimirira, nkuwerenga ndime ija, nkukhala pansi. Womasulira atatiuza tanthauzo, ndinapezeka ndaimirira ndekha.

"Pepani bwana. Si inu nomwe mukutiuza kuti Nyasalande ndi Rodeshiya tsopano ndi dziko limodzi? Ngati ndi limodzi, Blantyre walakwa chiyani? Injini inafera kuno, mboni zili kuno."

Anthu anaseka, wapolisi nkundikhazika pansi. Woweruza sanakwiye. Anati funsolo ndi labwino, koma Chitaganya sichinafafanize malire a makhoti, komanso sichinafafanize dzina limene a Tobias analemba ndi dzanja lawo. Awiri akagwirizana okha kumene adzakambire mkangano wawo, khoti silingawalande mawu awo. Mlanduwo anauimitsa. Anangoonjeza kuti ngati mwini nkhani sangathe kuyenda, atha kulembera munthu wina wa komweko kalata yomupatsa mphamvu zomuimira.

Pobwerera a Tobias ankaimba mluzu. Munthu woti wagonja kukhoti, chigayo chili chotseka, mluzu! Titafika anatsitsa sutikesi ku denga nkuipukuta fumbi. Anapaka nsapato polishi. Kenaka, popanda ndi manyazi omwe, anandipempha kuti ndichape juzi ija chifukwa ku Halale kumazizira.

Ndinaichapa, inde, ndinaimenyetsa pamwala mpaka manja anawawa. Ndili pamwalapo ndi pamene nzeru inandibwerera, ndipo ndinaiona ngati yochokera kumwamba. Woweruza anati munthu wina atha kuimira. Ku Halale amuna anga ankadziwa anthu ambiri, koma wosaopa Mzungu ndi wodziwa panganolo anali mmodzi yekha. Chabwino, agwire ntchito. Pepala lilibe mapewa oti nkuwayeza.

Madzulo ndinawauza kuti sapita. Alembere Modesta awaimire. Anandiyang'ana, supuni ili m'mwamba.

"Amake Chisoni, mukudziwa chimene mukupempha?"

"Ndikudziwa. Iye atenge mlandu, ine nditsale ndi mwamuna."

Anayesa kukana, ati ndi kumusenzetsa mtolo mwana wa eni. Ndinati akakwera sitimayo, pobwera akandipeze kwathu ku Chileka, mwana ndatenga. Anabweza sutikesi ku denga. A Isaki analemba kalatayo, inadindidwa ku boma, ndipo tsiku limene inanyamuka ndinaima kumpanda wa bwalo la ndege kuonerera ndege ikukwera. Mtima unali mbee. Inanyamula pepala, mwamuna ali pambali panga akudya nzimbe.

Chimene sindinaganize ndi makalata. Modesta ankalemba pafupipafupi kufotokoza mmene zikuyendera, ndipo a Tobias sankawerengera m'nyumba ayi, ankakawerengera pa khonde la sitolo ya a Amadi, anthu atazungulira. Lero Modesta wakana mkhalapakati woyamba chifukwa amadyera limodzi ndi mkulu wa kampani. Mawa Modesta wapeza makaniko wa ku galaja kuja, amene waonetsa kuti chitsulocho chinali ndi mng'alu kuchokera kumene chinapangidwa. Modesta wamufunsa loya funso, loya nkupempha madzi akumwa. Anthu ankaomba m'manja ngati ali ku mpira.

Dzina limene kale linkangondivuta m'nyumba linadzaza Lirangwe yense. Amayi amene anabwerera ku mtondo chigayo chitatseka ankasinja akulitchula. Ku chitsime ankandifunsa kuti Modesta wanu wafika pati? Wanga! Lamulungu lina mkulu wa mpingo anamupempherera pomutchula dzina, kuti Ambuye ampatse mphamvu mwana wathu ali kutaliyo, ndipo mpingo wonse unati ameni. Ine pakamwa sindinatsegule. Mwana wa mnansi wathu atabadwa wamkazi, mungathe kulota dzina limene anampatsa.

Ndinkadzitonthoza kuti aimbe, atope. Dzuwa likamalowa a Tobias ankalowa m'nyumba yanga, kudya za m'mbale yanga. Kungoti maso awo ankakhala ku njanji, ndipo tsiku la makalata ankameta ndevu.

Chigamulo chinabwera mvula itayamba. Mkhalapakati anati kampani ipereke injini yatsopano m'manja mwa woimira mwini nkhani, ndipo woimirayo asaine kuti yafika bwino kwa mwini wake. Anthu anavina pa sitolo. Inenso ndinavina, osanama, chifukwa ndinkati basi zatha, asaine kwawoko, atitumizire chitsulo chathu, dzina lake lizilala. Mawu akuti "yafika bwino kwa mwini wake" ndinawamva ndi khutu limodzi.

Tsiku la sitima Lirangwe yense anali pa sitesheni. Anabwera ndi ngolo ya ng'ombe ndi zingwe. Sitima inaima, amuna nkuthamangira ku bogi ya katundu, ndipo bokosi lalikulu la matabwa linatsitsidwa anthu akufuula. Ine ndinali pomwepo, kulisisita, kununkhiza girizi watsopano. Nditadzutsa mutu ndinaona kuti amuna anga palibe.

Anali kutsogolo, pa khomo la bogi ya anthu, chipewa chili m'manja. Mkazi wina ankatsika. Ndinkayembekeza chiphadzuwa cha milomo yofiira kuti ndipeze ponyozera. Koma anali wamfupi, wakuda bii, diresi lake lamakwinya ndi ulendo wodzera ku Beira, mapazi atatupa m'nsapato. Anaseka, ndipo a Tobias anaseka naye kuseka kwina kumene ine sindinkakudziwa.

Modestayo anabwera molunjika kwa ine nkugwada, mawondo pa miyala ya pa sitesheni.

"Ndinu amayi a Chisoni. Achimwene a Tobias anandilembera kuti munanditchula ndinu. Zikomo pondikhulupirira, mayi."

Ndikanatani, anthu onse akuyang'ana? Ndinamudzutsa, ndinamufunsa za ulendo. Ndinamufunsanso kuti sitima yobwerera imadutsa liti. Anati sakuthamanga. Adikira injini imangidwe, ilire, ndiye asaine. Akaonekonso azakhali ake ku Mdeka, amene sanawaonepo chibadwire.

Pamenepo anyamata a sitima anali akutsitsa katundu wake. Sutikesi. Thumba la zofunda. Mapoto omangidwa pamodzi ndi chingwe. Pomaliza anatsitsa makina osokera, a miyendo yachitsulo, okutidwa ndi bulangete. A Amadi anati pa khonde la sitolo yawo pali malo, Lirangwe wakhala nthawi yaitali wopanda telala wa amayi. Amayi analulutira. Munthu wobwera kudzasaina pepala sanyamula mapoto, izi ngakhale mwana akudziwa.

Eni ngolo anati ng'ombe zikayambe zamwa madzi, bokosi lidikire. Anthu anayamba kuyenda kulowera ku sitolo, mlendo ali pakati. A Tobias anawerama, nkukweza makina aja paphewa, miyendo yachitsulo ikuwabaya m'nthiti. Atayenda pang'ono anakumbuka, nkucheuka.

"Amake Chisoni, inu tsalani pompo musunge injiniyo, angaibe mabawuti."

Ndinakhala pa bokosi lija. Mvula inayamba kuwaza, ndipo ndinavula mpango wanga nkuphimba pamene thabwa linasiya mpata.