Tepi ya Bambo a Katsinzi

"Ichi n'chilembo chanji? Yankha, iwe!"

Amake Katsinzi anali ataima pakhomo la kuchipinda, dzanja lina lakweza khadi m'mwamba, lina lagwira kathabwa kopyapyala. Mwanayo anali pampando kumapeto kwa balaza, timiyendo tili lendelende, akutsinzina ngati wina wamufukizira utsi. Dzina lakelo linachokera pomwepo. Chibadwire, kamwanaka kankati kakafuna kuyang'ana chinthu, kayambe katsinzina kaye.

"Sindikudziwa, amama."

Amake anamuyandikira, kathabwa n'kulira pamwendo, phwa! Bambo ake, kalipentala wa kuseri kwa nyumba komweko, analowa utuchi uli mbuu kumutu.

"Amake mwana, zaka zitatu zokhazi? Mukumenya munthu kapena mukukhoma msomali?"

"Nanga nditani, bambo a Katsinzi? Lachisanu lino achemwali akuyesa ana onse. Wolephera abwerera kukalasi ya makanda, kwa ovala matewera. Anzake onse apite, wanga yekha atsale? Manyazi ake ndiwayika pati?"

Achemwali akewo, alamu ake a kalipentala, ndiwo anali eni sukulu ya mkaka yomwe Katsinzi ankapita, m'galaja yopakidwa penti yachikasu. Chibwerereni kumaphunziro a sabata imodzi, iwo analibe nkhani ina koma yakuti mwana wa masiku ano aziwerenga asanasiye kuyamwa chala. Ankaima kutsogolo n'kumaonetsa makadi mothamanga, ana n'kumakuwa zilembo. Katsinzi anamukhazika kumbuyo kwenikweni, kuti makolo ena asati akukondera wachibale.

Madzulo a tsiku lomwelo alamuwo anatulukira, chikwama chili kukhwapa. Anakhala pampando womwe kalipentala anakhoma yekha, n'kuusa moyo.

"Alamu, musandide, ine sindibisa mawu. M'mera mpoyamba. Ana a anthu akuwerenga, uyu angoti maso tsinzi ngati mphaka pa dzuwa. Paja amati make mbuu, mwana mbuu. Koma kwathu kuno kulibe mbuu ayi. Mwina wachokera kuchimuna."

Anaseka okha. Kalipentala sanaseke. Mawuwo anamulasa pabala lakalekale. Iye sukulu anaithawa ali sitandade 3, atatopa ndi dzina lakuti Chitsa, lomwe anam'patsa aphunzitsi chifukwa sankatha kukopera za pabolodi. Zilembo anadzazidziwa yekha atakula, pa zitini za penti ndi pa mapepala a makasitomala. Tsopano dzina lija linali likubwerera pa mwana wake, ndipo mwanayo anali atasiya kale kuimba m'mawa. Akangoona yunifolomu ankabisala kunsi kwa bedi.

"Mundipatse masiku anayiwa," anatero kalipentala. "Makadi anu asungeni."

"Inu? Kuphunzitsa kuwerenga?" Alamu anaomba m'manja. "Koma chaka chino tiona zinthu!"

Lolemba Katsinzi sanapite kusukulu. Bambo ake anamukhazika pa benchi yogwirira ntchito, kutali ndi sowo, n'kuyamba kutola zidutswa za matabwa zomwe zikanapita pamoto. Anajambula zilembo ndi pensulo ya kukhutu, n'kuzidula, n'kuzisalaza ndi sandipepa kuti zisabaye tizala. Chilembo chilichonse chinali chachikulu ngati chikhatho chake.

"Ichi ndi A. Waona miyendo yake? Waima ngati makwerero."

Katsinzi anachitenga, n'kuchibweretsa pafupi ndi mphuno, n'kuchisisita, kenako n'kuchiluma pang'ono. "A," anatero.

Ha! Kamwana kaja kanali ngati nthaka youma ikalandira mvula. Pofika Lachiwiri masana kanali katadziwa zilembo khumi ndi ziwiri. Lachitatu kankazitola kokha m'bokosi n'kumazitchula mokuwa, mpaka kasitomala wina wodzatenga chitseko anaiwala chimene anadzera. Kalipentala anadzazidwa ndi chimwemwe. Anakhoma timisomali pakhoma la shedi yomwe ankagwiriramo ntchito, n'kukolekapo zilembo zonse mumzere wowongoka bwino, n'kuthamangira kukaitana mkazi wake.

"Bwerani mudzaone Chitsa chaching'ono!"

Anamuimika mwanayo pakhomo la shedi, iye n'kupita kukhoma kukaloza. "Tiye, mama. Ichi?"

Katsinzi anatsinzina. Anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana pansi. 

"Ichi, mwanawe! Chomwe chija unaluma!"

Mwanayo anabisa nkhope m'manja.

"Mwaonatu," anatero amake, mawu ali otsika. "Ndimayesa ndine wouma mtima." Anabwerera kunyumba akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

Kalipentala anakhala pa thabwa, mutu uli pansi. Zinamuwawa kwambiri, moti akanakhala munthu wina akanatola kathabwa kaja nayenso. Koma iye anali ndi khalidwe limodzi la pantchito. Chitseko chikakana kutsekeka sankachimenya, ankachiyeza. Chilembo chomwecho, mwana yemweyo, tsiku lomwelo. Chasintha n'chiyani? Anadzuka n'kumasula tepi yake yoyezera m'chiuno.

"Tiye tisewere, mama. Ponda apa, usasunthe."

Anamupondetsa nsonga ya tepi, n'kuikoka pansi mpaka kukhoma. Anagwada, n'kuonetsa chilembo pa masentimita makumi atatu.

"M!"

Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Makumi anayi.

"S!"

Pa makumi asanu ndi limodzi mwana anayamba kutsinzina, koma anatchula. Pa mita imodzi anangoti duu. Kalipentala analemba mzere pansi ndi pensulo. Anayambanso ndi zilembo zina, kachiwiri, kachitatu, monga amachitira ndi thabwa lodula la kasitomala wovuta. Katatu konse mwana anathera pa mzere womwewo.

"Amake mwana!" anakuwa mpaka nkhuku za aneba zinabalalika. "Bwerani ndi makadi anu aja!"

Lachisanu m'mawa makolo anali atadzaza mabenchi a m'galaja muja. Alamu anavala diresi yatsopano, ndipo ana ankakuwa zilembo mmodzimmodzi, manja akuombedwa. Itafika nthawi ya Katsinzi, alamu anakweza khadi ali kutsogolo kuja. Mwana anatsinzina. Anakweza lachiwiri, lachitatu. Mayi wina anati "Ii, kamwana kabwinobwino" mokweza dala.

"Basi, taona tonse," anatero alamu. "Uyu abwerere kwa makanda."

"Pepani alamu, ndiyezeko kaye."

Kalipentala anali ataimirira, tepi ili m'manja. Anthu anaseka.

"Alamu, muno si mogulitsira matabwa!" anatero eni sukuluwo.

"Ndikudziwa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Gwirani nsongayi."

Posafuna kukangana pamaso pa makolo, alamu anagwira. Iye anakoka tepi mpaka pomwe panakhala mwana, n'kuwerenga mokweza: "Mamita anayi ndi theka. Tsopano bwerani kuno ndi makadi anu omwewo. Bweranibe. Bweranibe. Imani pomwepo."

Alamu anawerama, khadi lili pafupi ndi nkhope ya mwana.

"K!" anakuwa Katsinzi.

Linanso. "T!" Linanso. "E!" Alamu anayamba kuthamangitsa makadi monga mwa chizolowezi chawo, ndipo kamwanako kankawatsatira osapuma, mawu akukwera, mpaka mulu wonse unatha. Kenako kanatambasula dzanja. "Ena, anti?"

M'galaja monse munali nthungululu ndi m'manja. Mayi uja wa "kamwana kabwinobwino" ndiye ankaomba kuposa onse.

"Mutu ulibe vuto, alamu," anatero kalipentala akukulunga tepi yake. "Mwanayu saona patali. Inu munamuika kumbuyo, ife kunyumba n'kumamuonjezera ndi kathabwa."

 Alamu ananyamula kampando ka Katsinzi ndi manja awo n'kukakaika kutsogolo kwenikweni. "Ndakulakwira, mwana wa mng'ono wanga," anatero, osayang'ana munthu. Amake Katsinzi anali atamunyamula kale mwanayo, akumupsompsona pamwendo pomwe ankamenya paja, misozi ili chuchuchu.

Lolemba lotsatira makolo onse awiri anapita ndi mwanayo kuchipatala cha maso. Dokotala, mayi wachikulire wa nthabwala zake, anamuveka Katsinzi chimango cholemera choyezera, n'kumasinthasintha timagalasi. Mwadzidzidzi mwanayo analeka kutsinzina. Maso anati tong'o.

"Ababa! Pakhoma pali zilembo!"

"Werenga, mama," anatero bambo ake, akuyang'ana komweko.

Dokotala sanayang'ane mwana. Anayang'ana bamboyo. "Bambo, inunso mukutsinziniranji? Mzere wachitatuwo mukuuona?"

"Pali mzere wachitatu?"

"Hmm. Khalani apa."

"Ine ayi adokotala, ndangoperekeza. Maso anga ndi abwino, ndimaona ngakhale mutu wa msomali."

"Msomali uli m'manja mwanu. Khalani pansi, musandichedwetse."

Anamuveka chimango chija. Galasi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Kalipentala anagwira mpando mwamphamvu. Chimtambo chomwe anakhala nacho zaka makumi anayi, chomwe ankayesa kuti ndi mmene dziko lilili kwa aliyense, chinang'ambika. Anaona mzere wachitatu, wachinayi, mpaka tizilembo ta pansi penipeni. Anatembenukira pawindo n'kuona masamba a mtengo, tsamba lililonse palokha, ndi chikwangwani cha sitolo tsidya la msewu. Anachiwerenga chonse mokweza, pang'onopang'ono, ngati mwana wa sitandade 3 amene aphunzitsi amuloza.

"Kodi bolodi anzanga ankaliona chonchi?" anafunsa.

"Chonchi kumene," anayankha dokotala, nthabwala zitamuthera.

"Ndiye kuti sindinali chitsa."

 Mkazi wake anangomugwira paphewa.

"Ababa, mukulira?" anafunsa Katsinzi.

"Ayi mama, ndi utuchi."

Patatha sabata, anthu a mumsewu wawo anaona zachilendo. Kalipentala ankabwera wapansi, magalasi ali pamphuno, mwana ali pamapewa nayenso ndi timagalasi take tomangira kumbuyo ndi lamba, awiriwo akulimbirana zikwangwani. Mwana ankakuwa zilembo, bambo n'kumalumikiza mawu. Ulendo wa mphindi khumi unawatengera ola lathunthu.

Atafika, anapeza kathabwa kopyapyala kaja kali pa benchi yake. Amake Katsinzi ndiwo anakaika pamenepo, atakathyola pakati. Kalipentala anakatembenuza m'manja, n'kutenga msomali umodzi, n'kukhoma zidutswa ziwirizo chopingasa. Anamupatsa mwana.

"T!" anakuwa Katsinzi, n'kukachiponya m'bokosi momwe munali zinzake.