Benchi ya Miyendo Yaifupi

A Kalipentala anapeza mabenchi ataunjikidwa kuseri kwa tchalitchi, miyendo m'mwamba ngati mbuzi zakufa. M'kati munali mipando yapulasitiki yoyera mbee.

"Bambo, tiyeni tilowe," anatero mwana wawo wamkazi, amene anachita kuwakoka m'mawawo. Chimwalirire mayi ake, mkuluyo ankangokhala pakhonde n'kumayankhula yekha, ndipo anthu anali atayamba kunong'ona kuti mutu wasokonekera.

Mkuluyo anayamba kugubuduza mabenchiwo. Anawapala ndi manja awo kalekale, nthawi imene nyimbo inkayamba ndi pakamwa, osati ndi magetsi. Atapeza imene ankaifuna, anaipukuta fumbi ndi chipewa.

Abusa atsopano anatulukira, tayi ili pakhosi. "Agogo, zimenezo ndi nkhuni. Makamaka mwagwirayo ndi yopunduka. Taonani kufupika miyendo! Mmisiri wake anali atalawa kapena?"

"Mmisiri wake ndine."

Abusa anatsokomola.

"Ndinaidula dala. Mkazi wanga anali wamfupi ngati mtondo. Akakhala pabenchi miyendo inkalendewera, azimayi anzake n'kumamuseka. Loweruka lina ndinalowa ndi sowo, osauza munthu. Maulaliki a zaka makumi atatu anawamva mapazi ali pansi."

"Pepani, sindinadziwe."

"Safunsa anadya phula. Inu chakale chilichonse mumachiona nkhuni. Mawa mudzatiunjika ifenso kuseri kuno."

"Bambo!" anatero mwana uja.

"Ndisiye. Ine ndinkapemphera ndikuona duku la mayi ako pabenchi iyi. Likaweramira pansi, nanenso ndinkawerama. Tsopano ndiyang'ane kuti? Kunyumba kulibe, kunonso mwamuchotsa."

Abusa anayang'ana wotchi, kenako benchi ija. Kaya anali manyazi, kaya chisoni, za mumtima mwa mnzako ndani adziwa? Anavula jekete n'kugwira mbali imodzi.

"Gwirani bwino," anatero a Kalipentala. "Si pulasitiki imeneyo."

Anakaiika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Mkuluyo anali asanaikhalepo chiipangire. Atakhala, mawondo anafika pachifuwa, ndipo anaseka, koyamba chichokere kumanda.

Nyimbo inayamba, yothamanga ngati ikuthawa mvula. Iwo anaiimba mmene ankaiimbira kale, pang'onopang'ono, mawu akutsalira m'mbuyo. Mwana wawo, amene anatengera msinkhu wa mayi ake, anasiya mpando woyera n'kudzakhala pambali pawo.

A Kalipentala anasuzumira pansi. Mapazi a mwanayo anali atafika pansi.